Kansalu kanu koyera, achimwene

Achimwene, lero fungo la oyilo wa mfuti landikumbutsa inu. Tinali pa maphunziro a zachitetezo ku Karen, kuno kudziko la eni, ndikumasula kapisitolo kakuntchito kuti ndikatsuke, sipuling'i n'kundipulumuka kukagwera kunsi kwa tebulo. Ndinacheuka kuti ndikuoneni mukundiseka, koma ndinangopeza mphunzitsi wathu wa konkuno akuti m'chilankhulo chawo, "Pole pole, dada," kutanthauza kuti pang'onopang'ono, mlongo. Ndinakumbuka tsiku lija munandiphunzitsa koyamba, musanayambe kudwala. Munayala kansalu koyera patebulo, zipolopolo n'kukazisiya chipinda china, kenako munati ndisuzumirenso m'mfutimo ngakhale ndinali nditaonamo kale. Ine kupsa mtima. Inu osatekeseka, munangoti, "Mfuti imene imapha munthu ndi ija mwini wake amalumbira kuti mulibe kanthu." Chilichonse chimene ndachotsa munkati ndichiyale motsatana pakansalupo, kuti pobwezera ndisasokonezeke.

Mawa akutiyesa. Ndikalephera ntchito ithera pomwepo, ndipo ana anu munandisiyira aja maso ali pa ine. Mtima sukukhazikika ngakhale pang'ono. Kansalu kaja ndachapa, ndaika kale m'chikwama. Koma achimwene, mawa sipadzakhala wondigwira pamkono n'kunena kuti yambiranso, mlongo wanga.