Mbendera ya Che Khamis

Ku Mpopoma kunalibe telala woposa alamu anga, Che Khamis. Ankanena ndi eni akewo tsiku lililonse, ndiye ife tikanatsutsa bwanji? Anachoka ku Mangochi ali mnyamata n'kudzakhazika makina pakhonde kuno ku Bulawayo. "Maso angawa," ankatero, "amalowetsa ulusi pasingano ngakhale kuli chifunga."

Kulowetsa ankalowetsadi. Koma wosankha ulusiwo anali akazi awo, achemwali anga Safiya. M'mawa uliwonse ankawasanjira nsalu patebulo, iliyonse ndi ulusi wake pamwamba. Zikomo wake anali wakuti, "Mkazi uyu ngosokoneza." Safiya ankangomwetulira, koma ine zinkandinyansa.

Safiya anamwalira ufulu wa dziko lino uli pafupi. Posakhalitsa aphunzitsi aakulu a sukulu ina anabwera ndi chithunzi cha mbendera yatsopano kuti katswiri asoke yaikulu. Katswiri anasoka mizere yowongoka bwino, mbalame yokongola. Kungoti pofunika chobiriwira anaika chofiira, pofunika chofiira anaika chobiriwira, nyenyezi n'kutuluka ngati tsamba la mpiru.

Anaipachika pakhonde kuti anthu asirire. Anabweradi, anyamata achipani. "Wena, iwe Mnyasa, ukunyoza dziko lathu?" Masiku amenewo mawu otere ankatha kuwotchetsa nyumba. Alamu anaika chithunzi pambali pa mbendera n'kulumbira kuti n'zofanana ndendende. Anyamata aja anayang'anana. Mmodzi anatenga tomato wakupsa ndi wamuwisi kwa mayi wogulitsa pafupi, n'kuwauza kuti aloze wofiira. Alamu anayamba kumufinya tomatoyo kuti amve wofewa. Anthu anafa nako kuseka, ndipo kusekako ndiko kunapulumutsa nyumba.

Ndinawakokera alamuwo kuchipatala. Namwino anawaonetsa timadontho tamitundumitundu n'kufotokoza kuti mkati mwa diso muli tizigawo tosiyanitsa mitundu, ndipo anthu ena, makamaka amuna, amabadwa tina tisakugwira bwino ntchito. Mankhwala ake palibe. Alamu anafunsa ngati namwinoyo anamaliza sukulu.

Koma titafika kunyumba anatsegula bokosi la malemu n'kutulutsa diresi limene anawasokera mobisa kalekale, nsalu yosankha okha. Ankalinyadira kwabasi, ati lobiriwira ngati chitseko cha mzikiti. Safiya ankalivala pa Idi chaka ndi chaka, azimayi anzawo akutsinana kumbuyo.

"Alamu, ndiuzeni zoona," anatero Che Khamis. "Diresi ili n'lotani?"

Ndinafuna kunama, koma mkwiyo unali usanandithere.

"Lofiira ngati njerwa."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Ankati munasoka bwino."

Anakhala pampando wa Safiya, diresi lili pamiyendo, n'kuyang'ana tebulo limene panalibenso wolisokoneza. Makina sanalire tsiku limenelo.