Nyambo ya Atsibweni pa Bawo

Thabwa la bawo la amalume anga, amene kwathu kuno timati atsibweni, linali la mbawa, lakuda ndi thukuta la manja a anthu, ndipo pakona pake panali mng'alu umene anaumata ndi phula la njuchi. Nkhomo zake, njere zotuwa zosewerera zija, zinali zosakwana. M'malo mwa imodzi imene inatayika anaikamo njere ya tiyi, yofiirira ndi yopepuka, imene inkalira mosiyana ndi zinzake ikagwera m'dzenje. Wosenza thabwalo kuchokera ku layini, mzere wa zipinda za antchito a pa esiteti ya tiyi, kukafika pansi pa mtengo wa bulugama, pamene amuna ankasewerera Lamlungu masana, ndinali ine, ndipo ntchito imeneyo sindikanaipereka kwa mwana wina aliyense.

Inali nyengo yozizira, pamene chiperoni chimakuta mapiri a Thyolo, tiyi n'kuleka kuphukira. Masamba othyola akachepa chotero, esiteti inkachotsa anthu ambiri, n'kusiya ochepa oti adulire tiyi, ndipo wochotsedwa ankayenera kutuluka m'chipinda cha kampani. Amayi ndi ine tinkakhala m'chipinda cha atsibweni, pakuti bambo anali atapita ku Mozambique osabwererako, ndipo kumudzi ku Changata kunalibe munda wotikwanira. Wosankha otsala ndi ochoka anali akapitawo, munthu wamtali wa chipewa cha khaki, amene ankayenda ndi ndodo ngakhale sankatsimphina. Zonsezi ndinkazimva amayi akamanong'onezana ndi anzawo pa mpopi, koma zinkalowera khutu lino n'kutulukira linalo. Mutu wanga unali pa bawo.

Wosewera aliyense amakhala ndi dzenje limodzi lalikulu limene timalitcha nyumba, ndipo anthu onse a m'malayini ankayamba masewera mofanana: ankatakata, ndiko kufesa nkhomo popanda kudya za mnzako, molunjika ku nyumbayo kuti inenepe. Chaka chimenecho atsibweni anatulukira kayambidwe kena. Ankafesa mothawa nyumba, kulowera kumapeto, n'kusiya nkhomo ziwiri poyera ngati munthu woiwala. Mnzawo ankazidya mokondwa. Koma podya nyamboyo ankadzitsegula yekha, ndipo posakhalitsa atsibweni ankamukokolola nyumba yonse, nkhomo zikulira m'maenje kuti kho, kho, kho, mpaka mzere wake wakutsogolo kuyera ngati mbale imene galu wanyambita.

Masewera ena ndikhoza kuwabwereza lero dzenje ndi dzenje. Alonda a ku fakitale, amene ankadzitama kuti bawo anaphunzirira ku Mangochi, anadya nyamboyo, nakhalanso pansi, naidyanso, ndipo pomaliza anadzuka akutukwana m'Chilomwe mawu amene sindingalembe pano. Woyendetsa thirakitala anachenjera: anakana kudya, nazemba uku ndi uku, koma anapanikizika mpaka anasowa pofesa. Lamulo la pansi pa bulugama linali lakuti wogonja adzuke, wopambana akhale. Atsibweni sanadzuke pa chitsa chawo masabata onsewo, ndipo anzawo ankawaseka kuti, "Achimwene, thako lamera mizu! Tikuduliraninso inu pamodzi ndi tiyi."

Lamlungu lotsogolera sabata yosankha odulira, akapitawo anatulukira. Kunkawaza kamvula kosalekeza kaja, ndipo fungo la tiyi wowuma linkachokera ku fakitale losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugama. Amuna anavula zipewa. Amene anakhala moyang'anana ndi atsibweni anadzuka masewera ali pakati, asanagonje n'komwe, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

"Ndamva kuti kuno kuli mphunzitsi wa bawo," anatero akapitawo, akuyedzeka ndodo yawo pamtengo. "Tandiyambira muja umayambira muja, ndione."

"Ndi masewera chabe, bwana," anayankha atsibweni.

Anafesa kumapeto, nasiya nkhomo ziwiri poyera. Akapitawo anazidya mwaphuma kuposa alonda aja. Wina anatsokomola. Aliyense pamenepo ankadziwa dzenje loyenera kunyamula, ndipo ine ndinkalidziwa koposa, chifukwa njere ya tiyi ija inali m'menemo. Dzanja la atsibweni, lakuda ndi utomoni wa masamba, linaima pamwamba pa dzenjelo. Kenaka linasuntha, nilinyamula dzenje loyandikana nalo.

"Atsibweni, si pamenepo!" ndinakuwa.

Palibe anaseka. Alonda aja ananditsina pakhosi n'kundiuza chapansipansi kuti mwana sayankhula pa masewera a akulu. Atsibweni sanandiyang'ane. Anapitiriza kufesa mwaulesi ngati munthu wodzala chimanga m'munda wa eni, ndipo nkhomo zawo zinatha pang'onopang'ono. Anadzuka pa chitsa chija, nachipukuta ndi chipewa chawo, akapitawo n'kukhalapo.

"Kayambidwe n'kabwino," anatero akapitawo, "koma kakufuna munthu wodziwa kumaliza."

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chimene chinatsatira. Malamlungu otsatirawo akapitawo anayamba kusewera kayambidwe komweko, mosalongosoka, nkhomo zikuwagwa m'manja, ndipo amuna amene ankaidziwa nyamboyo ngati njira ya ku mpopi ankaidya mmodzimmodzi, n'kumadabwa mokweza kuti, "Koma bwana, nzeru zimenezi!" Motero kayambidweko kanatchuka ndi dzina la munthu amene sanakatulukire. Ine ndakalamba ndikukhulupirira kuti chinthu chilichonse chiyenera kutchedwa ndi dzina lake lenileni, ndipo bodza limeneli landitsata moyo wanga wonse. Mwezi wathawu, pa Bvumbwe, ndinaona anyamata akusewera pakhonde la sitolo. Mmodzi anasiya nkhomo ziwiri poyera, anzake n'kufuula kuti, "Wayamba ya kapitawo!" Ndinayandikira, ndinawalonjera mwaulemu, ndipo ndinawafotokozera kuti mwini wake wa kayambidweko anali munthu wothyola tiyi, mlongo wawo wa amayi anga. Anandimvetsera pang'ono, kenaka wina anati, "Adala, mukufuna kusewera kapena kulalikira?" Ndinachoka nditakwiya. Kapitawo amene akumutchulayo sakumudziwa n'komwe, koma dzinalo lakakamira ngati phula lija.

Madzulo a tsiku la kugonja kuja ndinakana kusenza thabwa. Atsibweni analipanira okha m'khwapa, ine ndikutsalira m'mbuyo m'kanjira ka pakati pa tiyi, mame akundinyowetsa miyendo. Anandidikira pa mlatho wa matabwa n'kunena kuti, "Dzanja linaterereka, mphwanga. Kunkazizira." Koma ine ndinali nditaliona dzanjalo, ndipo silinaterereke.

Nkhani inali itatitsogolera kale ku layini. Amayi anatilandira pakhomo osafunsa kanthu. Anatenthetsa madzi, nawaika pa mapazi a atsibweni, nagwada, n'kunena kuti, "Zikomo, achimwene." Apo mkwiyo wanga unasefukira. Munthu wagonja pamaso pa anthu onse, wataya chitsa chake, ndiye n'kumuthokoza mogwada?

Sabata imeneyo atsibweni anabwera kunyumba ndi mpeni wodulira tiyi. Banja la chipinda choyandikana ndi chathu linamanga mphasa ndi miphika, nilitsika ndi msewu wafumbi, mnzanga amene ndinkasewera naye atasenza nkhuku m'dengu. Ndinawayang'ana mpaka anabisika ndi nkhungu, ndipo ndinawamvera chisoni. Kenaka ndinalowa m'chipinda chathu chofunda, ndinagona pa mphasa yanga chofulatira atsibweni, ndikudzifunsabe kuti munthu wodziwa bawo chotero anaphonya bwanji dzenje limene ngakhale mwana analiona.