Msangu wa Ba Hatibu

Ku Kanyama, muno mu Zambia, kunali telala wina, Ba Hatibu, Myao wa ku Mangochi, amene anafika atasenza makina osokera, njere ya msangu ili m'thumba la malaya. Anaibzala pakhomo, pamiyala pomwe ngakhale udzu unkachita manyazi kumera. Sanaithirirepo madzi. Mtengowo unayamba wakumba kaye pansi. Ine ndikuti mizu yake inakatulukira mu mgodi ku Kabwe, anthu n'kumapachikapo zipewa.

Msangu ndi mtengo wamakani. Mvula ikagwa, mitengo ina ikamavala, iwo umavula masamba onse n'kuima ngati wakufa. Dzuwa la Okutobala likamaotcha mpaka nkhuku kuikira mazira ophikaphika, m'pamene umaphuka, mthunzi wake bii. Pansi pake Ba Hatibu ankasoka, ndipo mnzawo wa khomo loyandikana, Ba Blackson, ankakhala pomwepo zaka ndi zaka, kumwa tiyi waulere. Khalidwe la mtengowo Ba Blackson ankalidziwa kuposa nkhope ya mkazi wawo.

Dzinja lina Ba Hatibu anapita kumaliro kwawo.

"Ba Blackson, mundionereko nyumba na mtengo."

"Yendani, achimwene. Ni wanga uyu."

Posakhalitsa kunabwera msonkhano wa chipani, ndipo Ba Blackson ankafuna utcheyamani wa sekishoni. Amayi ophikira alendo anasowa nkhuni.

"Kuli chimtengo chouma kwathu," anatero Ba Blackson. "Katengeni chabe."

Nkhwangwa zinalira. Koma nkhunizo zinali zaziwisi. Utsi unakafika mpaka kutali ku Matero, alendo misozi chuchuchu, anthu n'kumati nyimbo zawakhudza mtima. Utcheyamani Ba Blackson anaupeza.

Ba Hatibu atabwerako anapeza chitsa. Anachigwira ndi manja onse awiri.

"Unauma, achimwene," anatero Ba Blackson. "Unalibe na tsamba limodzi."

"Dzinja latha unali na masamba?"

"Iyai."

"Nanga linalo?"

Ba Blackson anayang'ana kumbali. "Ni vinthu va chipani, mudziwa. Ndipo imwe ndimwe mlendo muno mu Zambia. Osakamba maningi."

Ba Hatibu analowetsa makina m'nyumba, n'kumasokera pa kazenera mpaka maso anayamba kuchita chifunga. Sanadandaule kwa munthu. Akakumana panjira ankavula chipewa n'kunena kuti, "Muli bwanji, Ba Tcheyamani?" Dzina loti Blackson silinatulukenso pakamwa pawo mpaka tsiku lomwe tinawanyamula kupita kumanda.