Mayi Noelene Anakana Kamodzi

Kumadzulo kwa tauni ya Cobar aliyense ankadziwa kuti kwa mayi Noelene Prosser munthu sachokako chimanjamanja. Ukamatsanzika, ankakutsekera njira atanyamula mwendo wa nkhosa. Ukakana, ankati, "Usandichititse manyazi, tenga." Ukakananso, ankangoponya nyamayo m'galimoto n'kumenyetsa chitseko. Kuno munthu woleredwa bwino salandira chinthu ulendo woyamba. Amayamba wakana, ndipo wopatsayo, ngati akupatsa ndi mtima wonse, amaumirira. A Noelene ali mwana, sisitere wina kusukulu anawauza kuti liwu la Chingerezi loti insist, lotanthauza kuumirira, linachokera ku Chilatini, ndipo limanena za kuponda pamalo osasuntha. Pa zonse za kusukulu, a Noelene anatolapo chimenechi.

Amuna awo atamwalira anatsala ndi nkhosa mazana anayi, ndipo ankaziyang'anira okha. Pafamu yoyandikana nayo pankakhala a Des Hanrahan, bambo wosakwatira, amene Lamlungu lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu anadya patebulo pa a Noelene, akukana kaye kawiri mbale isanadzaze.

Chilala chitafika chaka chachitatu, damu la a Noelene linasanduka matope ong'ambika. Chitsime chakuya cha a Des chinali chikutulutsabe madzi. Tsiku lina masana a Des anaimitsa galimoto pageti, injini ikulira, chigongono chili pawindo.

"Zaonda nkhosa zanu, mayi," iwo anatero. "Bwanji muzibweretse kwathu zizikamwa?"

Mtima wa a Noelene unagwa pansi, koma pakamwa panatuluka zimene anaphunzitsidwa. "Ayi, a Des, musavutike. Tipirira."

Anadikira kufunsidwa ulendo wachiwiri. Anali atakonza kale yankho.

"Chabwino, mwini wake ndinu," anatero a Des, n'kuyendetsa galimoto.

Ena mpaka lero amati mayiyo anali wonyada, akanangoimba foni. Zamkutu. A Des ankadziwa bwino lomwe kukana kwa ulemu. Anakhuta nako zaka zonsezo. Ankangofuna kuti dera lonse limve zoti anayesa kuthandiza.

Nkhosa zinali mafupa okhaokha, palibe akanazigula. A Noelene anaziwombera okha m'masiku awiri, kuyambira zimene ankazidziwa nkhope. Famu inagulitsidwa, iwo n'kusamukira m'kanyumba ka chipinda chimodzi m'tauni. Chidani chawo ndi a Des sanachibise, ndipo sichinazilale.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, a Des anagogoda pakhomo pawo, atakalamba, akuyendera ndodo, fumbi lili kukhosi. Anakhala pampando n'kumayang'ana ketulo ndi keke yomwe inali patebulo.

"Ndikupangireni tiyi?" anafunsa a Noelene.

"Ayi, mayi, musavutike," anayankha a Des, dzanja likukankhira kale kapu kutsogolo.

"Chabwino, mwini wake ndinu," anatero a Noelene, n'kubwezera kapuyo m'kabati.