Soda wa Thelele m'Botolo la Chipatala

Bambo a ana anga anayamba kudwala m'mimba chaka chimene tinakuza munda wa fodya, kwathu kuno pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Ankati m'munsi mwa chifuwa mukuwotcha ngati wina wasiyamo khala la moto. Kuchipatala cha ku Mitundu anawauza kuti ndi zilonda za m'mimba. Anawaletsa tsabola, nawauza kuti azimwa mkaka, ngati kuti mkakawo tinkautunga pachitsime. Anawapatsanso botolo la mankhwala oyera, ofunika kukhutchumula musanamwe. Masiku amenewo ife tinkadziwa omwewo basi. Sankachiza chilonda, ankangozimitsa moto. Akatha, unkabwerera ndi botolo lomwelo kukadzazitsa, ndipo adokotala ankafunsa mmene wodwala akupezera.

Nthawi yopachika fodya, bambo sankachoka pachigafa. Tsiku lina anandipatsa botolo lopanda kanthu.

"Mayi, mawa mupite ndinu. Mukawauzenso kuti chimbudzi chayamba kuda."

Mawa lakelo linali Lachinayi, tsiku la amayi kutchalitchi, ndipo kwa nthawi yoyamba anali atandisankha kuti ndiwerenge Mawu. Ine wolekezera Sitandade 5, vesilo ndinali nditaliyeserera sabata yonse. Ndinaika botolo ndi Baibulo m'kathumba kamodzi. Pamphambano ndinakhotera kutchalitchi, ndikudziuza kuti kuchipatala ndipita tikaweruka. Tinaweruka dzuwa litapendeka, nthawi ya kuchipatala itadutsa.

Ndinkadziwa kuti amayi ena, chilungulira chikawavuta, amamwa soda wothira m'thelele. Nditafika kunyumba ndinalowera kukhitchini. Ndinasungunula soda m'madzi owiritsa, n'kuthiramo kaufa koyera kuti mtundu ufanane. Botololo ndinalipemphereranso, Mulungu andikhululukire.

"Za chimbudzi zija ati bwanji?" anafunsa bambo.

"Ati muzingomwa."

Anamwa masupuni awiri, nageya mpaka nkhuku zinadzidzimuka pakhonde.

"Awa ndiye amphamvu. Asintha ophika kodi?"

"Kaya, ine ndine dokotala ngati?"

Ululu unalekadi, ndipo apo ndi pamene ndinakodwa. Zikanakanika, ndikanaulula tsiku lomwelo. Koma munthu ankadya, ankagwira ntchito. Botolo litatha ndinachita mantha kuti adokotala akandifunsa kumene tinali masabata onsewo. Ndinakakhala kwa mchemwali wanga mpaka masana ngati ndapita kuchipatala, n'kubwera kudzasungunula wina. Ndinatero kanayi.

M'mawa wina tikusankha fodya, bambo anagwada nasanza zakuda ngati dothi la kudambo, kenaka magazi enieni. Alamu anga, ang'ono awo, anamanga ng'ombe pangolo natinyamula mpaka pamsewu ku Nathenje, ndipo lole ina inatitengera kuchipatala cha ku Nkhoma.

Kumeneko anamwino anafunsa mankhwala amene wodwala ankamwa. Ndinapereka botolo. Analiyang'ana pawindo, ufa uli phee pansi, nathira pang'ono pachikhatho.

"Mayi, izi anakupatsani kuchipatala chiti?"

Anali atagwira kale cholembera. Ndinaona kuti ndikatchula Mitundu, mlandu ugwera anthu amene sanandilakwire. Ndinagwada pasimenti pomwepo, ndinanena zonse, kuyambira pamphambano paja. Sanandikalipire. Anangoti, "Soda amagoneka ululu, chilonda n'kumadyabe. Chimbudzi chakuda chija anali magazi. Uthenga umenewo ukanafika, bwenzi titamuona kale." Mwina akanandikalipira zikanandipepukira.

Bambo anawachita opaleshoni, nawadula mbali ina ya chifu. Ndimathokoza Mulungu ndi manja a anthu aja, chifukwa anadzuka. Tsiku lachitatu, ndikuwamwetsa kaphala kamadzimadzi, ndinawaululira.

Iwo anati, "Ndinadziwa pabotolo lachiwiri. Ufa wa m'nyumba mwanga ndingausowe pakamwa?"

"Nanga osanena bwanji, bambo?"

"Nanga inu munanena? Ine ndinkaopa kuti akandigoneka kuchipatala, fodya awolera pachigafa. Tonse ndife akuba, mayi. Bweretsani phalalo, musathiremo soda."

Anaseka atagwira pamene anawasoka. Ine sindinaseke. Iwo anafuna kuti mlandu tigawane pakati, koma uthenga wa chimbudzi anatuma ine, ndipo bodza la "muzingomwa" linatuluka pakamwa panga, tsiku lomwelo limene ndinawerenga Mawu pamaso pa anzanga.

Patapita zaka kunabwera mapiritsi amphamvu, ndipo mwana wathu wamkazi akuti madokotala tsopano anapeza kuti zilonda zambiri zimayamba ndi tizilombo, munthu amachira osadulidwa. Ndimakondwera nawo odwala a lero. Bambo ali moyo, adzukulu awaona. Koma kuyambira chaka chimenecho khasu amalisiya dzuwa lisanakwere, ndipo amadya ngati mwana. Thelele ndimaphikira chidulo cha phulusa, soda salowa m'nyumba mwanga. Powapakulira ndimadzazabe mbale ngati kale, iwo n'kudya theka, n'kundikankhira nsima yotsalayo.

"Malizani, mayi," amatero. Ndimamaliza, koma imatsika movuta.