Mlaliki wa eni m'masipika athu

Lamulungu lapitali tinamva ulaliki uwiri nthawi imodzi. Mpingo wathu umapempherera m'kalasi pasukulu ina ku Ching'ambo muno mu Mzuzu, ndipo m'kalasi yoyandikana nayo muli anzathu amene anatichoka atakangana ndi akuluakulu. Moni timapatsana, koma wachiphamaso.

Abusa atangoti tiweramitse mitu, m'masipika athu munamveka mawu a mlaliki wa kuseriko, chapansipansi koma osaphonyeka: "Kumene kulibe moto, mukudikira chiyani?"

Maso onse anatembenukira kwa a Mhango. Iwowa ndiwo amasunga kiyi wa kabati ya zokuzira mawu, ndipo amafika tonse tisanasambe n'komwe kudzalumikiza zinthu. Vuto lawo n'limodzi: akazi awo, NyaGondwe, amapemphera kuseri komweko.

Pofika Lachitatu akuluampingo anali atakumana m'kalasi momwemo kuti awalande kiyiyo, inenso ndili pomwepo.

"Adada Mhango, iyi ndi pulani," anatero wapampando, a Chirwa. "Mawu angadumphe khoma n'kulowa okha m'makina? Mwalumikiza dala kuti musangalatse amama kunyumba."

A Mhango anangoti, "Ine nindachite kanthu, adada, sindinachite chilichonse. Sindinakhudze waya wawo."

Apa m'pomwe ndinaimika dzanja. Ndinagwirapo ntchito ya matelefoni a m'nyumba aja, ndipo zoterezi si zachilendo kwa ine. Inu achikulire, simukukumbukira mukuimbira mwana ku Blantyre n'kumamva anthu ena akukambirana za maliro patali? Munkati alipo wakuchitirani chiwembu?

Ndinapempha kuti tituluke pakhonde. Soketi yogwira ntchito pamdadada wonsewo ndi imodzi, choncho maampulifaya a mipingo yonse iwiri amakhala pomwepo. Waya wa maiki yathu umadutsa pakhondepo, waya wopita ku chimkuzamawu cha anzathuwo umadutsanso pomwepo. Loweruka amayi athu osesa, poopa kuti ana angakodwe, anatenga mawaya onsewo n'kuwamanga pamodzi ndi malegeni, mwaukhondo ndithu, kuyambira kusoketi mpaka pakhomo pathu. Anawakoleka m'mwamba pamisomali, ndipo anali akadali pomwepo.

Nkhani yake ndi iyi. Mawu akamayenda m'waya sakhala m'kati mokha ngati madzi m'paipi. Mphamvu yake imazungulira wayawo kunja, ndipo waya wina ukagona pambali pake mtunda wautali, umatolako, ngakhale pulasitiki yake isanang'ambike paliponse. Waya wa chimkuzamawu umanyamula mphamvu yaikulu. Wa maiki umanyamula kaching'onong'ono, kamene ampulifaya imakakuza, n'kukuziranso chilichonse chimene chatoledwa panjira.

Waya weniweni wa maiki amaupanga ndi timawaya tiwiri topotana m'kati. Mawu a wolankhula pamaikiyo amayenda mosiyana m'timawaya timeneti, pomwe phokoso lakunja limalowa mofanana monsemo. Makina amatenga zosiyanazo, zofananazo n'kutaya. Koma wathu unafupika kalekale, ndiye komiti inagamula kuti tilumikize waya wamba wa magetsi. Mukuganiza kuti anatsogolera zokambiranazo ndani?

Sindinatchule dzina. Tinangopempha woyang'anira makina a anzathuwo, yemwe amakhala pafupi, kuti abwere adzayatse. Analankhula pamaiki yawo, ife n'kumumva m'masipika athu. Tinamasula malegeni, waya wina n'kuudutsitsa kuseri kwa mizati. Analankhulanso. M'masipika athu munali zii.

Chondipweteka n'chakuti khalidweli lili paliponse mu Mzuzu muno. Chinthu chikalakwika, sitifunsa kuti chachitika n'chiyani. Timathamangira kufunsa kuti wachita ndani. Ndipo dzina limakhala lokonzeka kale: uja anakwatira kwina, uja wochokera kummwera, uja sayankhulayankhula. Ku Zolozolo babu likamaphethira, woyamba kutchulidwa ndi neba, waya wotha uli pomwepo padenga. Kuyang'ana waya kumafuna kudzuka pampando. Kuloza munthu chala kumatheka uli chikhalire.

Titabwerera m'kalasi ndinadikira mawu amodzi okha, akuti pepani. A Chirwa anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, nkhaniyi yatha. Tipite pa mfundo yotsatira."

A Mhango anaimirira, natulutsa kiyi m'thumba, n'kuyiika patebulo mwaulemu ndi manja awiri.

"Yewo chomene, adada," anatero pothokoza. "Mupeze wina amene mumamukhulupirira."

Ndinawatsatira mpaka pageti, koma anangondigwira chanza n'kukwera njinga yawo. Ndinachita manyazi ngati ndine ndinawanena.

Lamulungu likubwerali masipika athu adzamveka bwino, zimenezo ndikutsimikiza. Mawu a kuseri sadzalowanso. Koma mukadzaona a Mhango akudutsa pakhomo pathu n'kukakhala pambali pa NyaGondwe, mudzati awalumikiza kumeneko ndani?