Utsi Wokalambitsa Zigoba

Amuna anga anali ndi luso limene sindinalionepo mwa munthu wina aliyense. Ankatha kutenga mtengo wodulidwa sabata yatha n'kuusandutsa chinthu chimene makolo a makolo athu anasiya. Izi zinali m'zaka za m'ma 1990 ku Maramba, m'tauni ya Livingstone, nthawi imene mafakitale ankatsekedwa motsatizana ngati anachita kupangana. Iwo ankagwira ntchito pa fakitale ina yosoka zovala. Itatsekedwa, anakhala pakhomo kwa kanthawi akukangana ndi wailesi, kenako anakumbukira kuti ali mwana anaphunzirako kusema kwa amalume awo. Anagula kasemasema ndi tchizulo, n'kupeza kamalo ku Mukuni Park, msika wa pakati pa tauni pomwe alendo odzaona mathithi amagula ziboliboli.

Poyamba ankasema mvuu ndi njovu, n'kuzipaka polishi wa nsapato mpaka waliwali. Koma mvuu zinali ndi aliyense pamsikapo, mizeremizere, zonse zitayasamula mofanana. Ndiye anatulukira mtima wa mzungu. Munthu wochokera kumene zonse n'zatsopano akafika kuno amafuna zakuda, zong'aluka, zonunkha. Chigoba chakumaso chosalala bwino amangochidutsa. Koma chooneka ngati chatoledwa kudzala amachinyamula ndi manja awiri, mpaka kutsitsa mawu ngati walowa m'tchalitchi.

Chimene chimakalambitsa chigoba ndi utsi. Anzawo a kumudzi kwa Mukuni ankapachika zigoba pamwamba pa moto wophikira n'kudikira miyezi. Amuna anga kudikira sankakudziwa. Anayesa izi ndi izo mpaka anapeza msuzi wawo: makala pansi, utuchi wonyowa pamwamba, kenako zidutswa za tayala, mapatapata otha ndi mapulasitiki. Utsi wake unali wakuda, wonona, womata. Chigoba chosemedwa Lolemba chinkafika Loweruka chili gogo.

Masiku oyamba ankachitira kuseri kwa nyumba, m'mgolo. Tsiku lina anapeza wosema mnzawo wa nyumba yachitatu akusuzumira mumgolomo. Basi, anati chinsinsi chatsala pang'ono kubedwa, ntchito ilowe m'nyumba. Tinkachita lendi zipinda ziwiri, chochezera ndi chogona, ndipo khoma la pakati silinkafika kudenga. Anamanga mawaya m'mitanda ya denga, n'kukolekamo zigoba, maso ali pamtunda, mano ali panja. Mbaula anaiika pakati pa chipinda. Timabowo tolowera mpweya pamwamba pa zenera anatitseka ndi nsanza. Nditafunsa chifukwa chake anandiyang'ana ngati ndine wosapita kusukulu.

"Iwe, ufuna utsi uzithaba? Utsi uyu ni wa nchito, si wotaya."

Ankayatsa m'mawa ine ndikapita kumsika wa Maramba kukagulitsa tomato, mwana wathu ndili naye. Madzulo ankatsegula chitseko n'kukupiza ndi katoni kawiri katatu, ati utsi watuluka. Unkatuluka kupita kuti? Unali m'mabulangete, m'makatani, m'shuga. Ukapukuta mphuno, kansalu kankada ngati wapukutira poto. Kutchalitchi anthu ankatidziwa kuti tafika asanatembenuke.

Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu. Anali woimba. Ankaimba posamba, podya, ngakhale pomukalipira, ndipo mawu ake ankafika mpaka pampopi wa kumsewu. Chimene ndinayamba kuona si chifuwa ayi, koma nyimbo. Anayamba kuima pakati pa mzere, kukoka mpweya, n'kupitiriza. Kenako kunabwera kutsokomola kwa m'mawa. Kenako kakhweru kaja, kolira m'chifuwa akamapuma, nthiti zikulowa ndi kutuluka ngati za nkhuku yothamangitsidwa. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga ine amatulukira pakamwa. Ndinauza bambo ake kuti utsi wawo ukupha mwana.

"Awe shuwa," anatero. "Maramba yonse ni utsi chabe. Ku maketi bashoka vinyalala daily, ma minibasi yafuka monga sitima. Manje iwe waona chabe wanga? Chifuba ichi ni cha kwanu ku Chipata. Ise kwathu kulibe."

Za Maramba sananame. Zinyalala za kumsika zinkafuka tsiku lonse, mapulasitiki ndi makabichi owola pamodzi, ndipo minibasi ikanyamuka pasiteji munthu unkatafuna utsi ngati chingamu. Koma utsi wa kumsika sunkagona nafe pabedi. Za kwathu ku Chipata ndinawakumbutsa kuti mayi anga ankakwera phiri mtolo wa nkhuni uli pamutu, akukalipira ana osapumira.

Mlandu wa mwana wodwala suchedwa kupeza oweruza. Eni nyumba, bambo wina amene ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, anati ndi nsanje ya wosema wa nyumba yachitatu uja. Koma woweruza wamkulu anali mlamu wanga, mchemwali wawo wa amuna anga, mayi wa chigwirizano kutchalitchi, amene anabwera kuchokera ku Mongu ali mtsikana ndipo ankadziwa mankhwala a matenda onse kupatula ake a miyendo. Anafika m'mwezi wa Juni, kukuzizira, n'kuima pakati pa chipinda, zigoba zikulendewera pamutu pawo, mwaye ukuwagwera paduku. Anayang'ana uku ndi uku kufunafuna chimene chikudwalitsa mwana. Anachipeza. Anati ndi kamng'alu ka pansi pa chitseko.

"Mulamu, ni mphepo ya ku Zambezi iyi. Ingena apa. Valani bwino, na mbaula muzifaka ku bedirumu mwana azimvela kuthuma, osati mphepo."

Anatseka kamng'aluko ndi thumba, malo okhawo amene mpweya wa Mulungu unkalowerapo mozemba. Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa masamba ouma. Anati timufukize mwana. Anaika masambawo pamakala, n'kumugwaditsa mwana pambali pa mbaula, n'kumufunditsa bulangete kumutu. Taganizani, mwana wodwala ndi utsi, m'nyumba ya utsi, mankhwala ake utsi! Ndinamva kutsokomola m'kati mwa bulangetemo, kenako kutsokomolako kunasiya, kunangotsala kakhweru. Ndinakoka bulangete lija n'kuliponya panja pamodzi ndi ulemu wanga wonse. Zimene ndinanena tsiku limenelo sindingazilembe. Mlamu anachoka akunena kuti mchimwene wawo anakwatira mkazi wopanda mwambo.

Ndinapita naye mwana kukiliniki. Namwino wake anali mayi wonenepa, wotopa, wosaseka. Anaika kachitsulo kake komvera pachifuwa cha mwana, kenako kumsana, n'kumvetsera nthawi yaitali. Atakachotsa m'makutu anandifunsa ngati mwanayu amasuta fodya. Ndinati ayi, ali ndi zaka zisanu.

"Manje chifuba chake chimveka monga cha nkhalamba. Mushoka chani ku nyumba?"

Ndinawauza zonse, tayala, mapatapata, nsanza za m'mabowo. Anandiyang'ana ngati akufuna kundimenya ndi faelo. Anandifotokozera kuti mwaye wa utsi wotere ndi wosalala kuposa ufa, mphuno siutchinga, umatsika mpaka pansi pa mapapo. Njira za mpweya zimatupa n'kuchepa, ndipo za mwana n'zazing'ono kale. Anati ndi mphumu. Mapiritsi amene akundipatsa atsegula njirazo, koma utsi ukazitsekanso madzulo omwewo. Anati ndikapitiriza, tsiku lina ndidzafika naye mochedwa.

Mawu amenewo ndinawasenza osatayako ngakhale limodzi mpaka kunyumba. Amuna anga anamvetsera akupala chigoba ndi sandipepa.

"Ba nesi baziba nyeleti ya jekeseni, sibaziba bizinesi. Ine nili mu utsi daily, nafa?"

Atatero anatsokomola, n'kulavula zakuda pakhomo, n'kufotsera ndi phazi. Kenako anandifunsa funso limene ankadziwa kuti lindimanga: tidya chiyani? Tomato wanga sakanalipira nyumba. Apa ndiye khoswe anali atakhala pamkhate. Tinagwirizana kuti achepetse tayala. Anachepetsadi kwa masiku ochepa, mpaka zigoba zinayamba kutuluka zofiirira, zachinyamata, azungu osaziyang'ana. Tayala linabwerera mwakachetechete. Ine ndinkangochapa mabulangete ndi kuzula nsanza m'mabowo, iwo n'kumabwezeramo.

M'mawa wina mwana anadzuka akulephera ngakhale kulira. Milomo inali itayamba kuda. Bambo ake anali atalawirira kale kumsika chifukwa kunkabwera basi ya alendo. Ndinamubereka, mwana wamkulu miyendo ikundimenya m'mawondo, n'kuthamangira kumsewu. Kukiliniki anatitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anamubaya jekeseni n'kumuveka kachigoba kapulasitiki kotulutsa nthunzi ya mankhwala, ine nditagwira kaphazi kake, ndikupemphera mapemphero opanda mutu. Patapita nthawi nthiti zija zinayamba kudekha. Masana anatitulutsa.

M'chipwirikiti cha m'mawa chija ndinali nditakhoma loko kiyi ali m'kati, choncho ndinadzera ku Mukuni Park kukatenga wa bambo ake. Ndinawaona ndili chapatali. Anali pa ntchito, atavala nkhope yawo ya malonda, yofatsa ngati ya m'busa. Patsogolo pawo panali mayi wachizungu, khanda lake atalimangirira pachifuwa m'kathumba ka malamba. Ndinaima kuseri kwa mulu wa madengu, mwana ali kumsana, kudikira kuti amalize. Chizungu ndinaphunzira mpaka Fomu 2, ndiye zonse ndinkamva.

Ankamuuza kuti chigobacho chinakhala zaka zoposa zana m'nyumba ya mfumu ina, kutali kumadzulo, ndipo banja lake lachigulitsa ndi misozi. Ine ndinkachidziwa chigobacho. Chinali cha mano atatu, chimene chinkalendewera pamwamba pa kabati yanga ya mbale. Mayi uja anachitenga ndi manja awiri, n'kuchinunkhiza, n'kuyetsemula. Kakhanda kaja kanatambasula dzanja kuti kagwire.

Amuna anga analumpha. Anachilanda chigobacho mwaulemu, n'kuchitalikitsa kwa khandalo. Anachikulunga m'nyuzipepala, n'kuchiika m'pulasitiki, n'kuikanso m'pulasitiki ina, n'kumanga mfundo. Kenako, ndi mawu achifundo amene ine ndinali ndisanawamvepo chikwatiwire, anamulangiza mayiyo kuti akafika kwawo asakachiike m'chipinda chogona mwana. Akachisiye pakhonde mpaka fungo lithe. Utsi umenewu, anatero akudzigwira pachifuwa, si wabwino kwa mwana wamng'ono.

Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amuna anga mwambi umenewu anaumvetsa kuposa tonse, anangoiwala kuti wako naye ndi wako. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti ndikulimbana ndi munthu wosadziwa.

Ndinatuluka kuseri kwa madengu kuja. Ndinamasula chitenje, n'kumutsitsa mwana, n'kumuimika patsogolo pawo, kapulasitala ka jekeseni kali padzanja.

"Batate bake, mwakamba bwino maningi. Manje kambaninso mu Chinyanja. Uyu samvela Chizungu."

Osema anzawo anasiya kupukuta mvuu zawo. Mayi wachizungu uja anamwetulira, poganiza kuti ndi banja likupatsana moni, n'kumugwedezera dzanja mwana wanga. Mwana, mwaulemu wake, anayesa kunena kuti halo, koma mawu anathera panjira, kunangomveka kakhweru. Bambo ake anakamva. Anapisa m'thumba n'kundipatsa kiyi, maso ali pansi.

Nditafika kunyumba ndinakwera pampando n'kudula mawaya onse. Makolo aja ndinawaponya pabwalo mmodzimmodzi, eni nyumba akuonerera pansi pa mango wawo. Ndinazula nsanza, ndinachotsa thumba la mlamu, mbaula ndinaikankhira panja ndi phazi. Madzulo amuna anga anatola zigoba zawo. M'mawa mwake anakabwereka wilibala n'kusamutsira mgolo wawo kutchire, kuseri kwa njanji. Chinsinsi chija chinabedwadi, ndipo sitinafe ndi njala. Makoma ndinawatsuka ndi kuwapaka laimu, koma mwaye unkatulukirabe ngati chikanga.

Mwana uja lero ndi mayi wa ana ake. Mphumu sinamusiye. M'chikwama mwake simusowa kopopera m'kamwa, ndipo Juni akafika, kapena aneba akayatsa zinyalala, amatseka mawindo n'kukhala pansi kudikira kuti chifuwa chimukhululukire. Bambo ake akutsokomolabe, ati ndi fumbi. Kwayala amaimba ndithu mwana wanga, koma amaima kumbuyo, ndipo ine ndekha m'tchalitchi monse ndimadziwa malo amene amaba mpweya pakati pa mzere.

Nthawi zina ndimaganiza za chigoba cha mano atatu chija. Chiyenera kuti chili pakhoma kwinakwake kutsidya kwa nyanja, m'nyumba ya mpweya wabwino, kutali ndi chipinda cha ana, mwini wake akuuza alendo kuti chili ndi zaka zoposa zana. N'chaching'ono kwa mwana wanga ndi zaka zisanu. Awiriwa anakalambira m'chipinda chimodzi.